Funsani Adokotala: Chizungulire ndi Matenda a Mkati mwa Khutu

Mwezi uno talandira makalata ambiri okhudza chizungulire, ndipo tasankhapo asanu ndi imodzi amene mafunso ake akuimira ena onse. Chovuta pa nkhaniyi n'chakuti liwu limodzi lomweli timalitchula pa zinthu zingapo zosiyana. Wina akati ali ndi chizungulire akutanthauza kuti nyumba ikuzungulira ngati gudumu, wina akutanthauza kuti m'maso mwachita chidima ndipo watsala pang'ono kukomoka, pamene wina akungonena kuti akudzandira poyenda. Mayankho ali m'munsiwa sangalowe m'malo mwa kupimidwa, koma angakuthandizeni kukafotokoza bwino vuto lanu, pakuti pa matenda amenewa dokotala amadalira kwambiri zinthu ziwiri zimene wodwala yekha ndiye angazinene: chizungulirecho chimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo chimene chimachiyambitsa n'chiyani.

Adokotala, ndine mayi wa zaka 58. Kwa milungu itatu tsopano, ndikangotembenukira kumanja ndili pabedi, chipinda chonse chimazungulira mwamphamvu moti ndimagwiritsitsa bedi kuopa kugwa, ngakhale kuti ndagona kale. Zimatenga kanthawi kochepa n'kuleka, koma zimandisiya ndi mseru. Zimachitikanso ndikawerama kapena ndikayang'ana m'mwamba. Anandiyeza magazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo zonse zili bwino. Tsopano ndimagona chokhala. Kodi mwina ndili ndi chotupa mu ubongo? — Mayi wosowa tulo

Mayi, zimene mwafotokozazi sizifanana ndi chotupa cha mu ubongo. Zikufanana kwambiri ndi vuto lofala kuposa onse pa matenda a chizungulire chochokera m'khutu, limene madokotala amalitchula mwachidule kuti BPPV, ndipo kuti mulimvetse tiyenera kuyamba ndi mmene khutu linapangidwira.

Anthu ambiri amadziwa khutu monga chiwalo chomvera basi, koma kuseri kwa mwinikhutu, mkati mwenimweni mwa fupa la mutu, muli kachipinda kakang'ono kodzaza madzi kokhala ndi magawo awiri. Gawo lina ndi lopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo ndi limene limamva mawu. Gawo linalo lili ndi timachubu titatu tokhota ngati uta pamodzi ndi timatumba tiwiri, ndipo ntchito yake ndi kuuza ubongo ngati mutu waima chilili, wapendekeka kapena ukutembenuka. Mukatembenuza mutu, madzi a m'timachubumo amatsalira pang'ono n'kukankha tiubweya tating'onoting'ono, ndipo uthenga umayenda pa mtsempha kupita ku ubongo. M'timatumba tija muli timiyala ta laimu tosaoneka ndi maso, tomatirira pa kanthu konanda, ndipo kulemera kwa timiyala timeneti ndi kumene kumakudziwitsani kumene kuli pansi ndi kumene kuli kumwamba ngakhale mutatsinzina.

Nthawi zina timiyala tina timamatuka n'kulowerera m'kachubu kamodzi, kawirikawiri ka kumbuyo. Izi zimachitika kwambiri munthu akamakula, makamaka kwa amayi, komanso pambuyo pomenyetsa mutu kapena pogona nthawi yaitali chifukwa cha matenda ena. Inu mukatembenukira kumanja, timiyalato timagubuduka n'kukoka madzi a m'kachubuko, ndipo khutu limauza ubongo kuti mutu ukuzungulira pamene maso ndi thupi zikuti mwagona phee. Timiyala tikakhazikika, chizungulire chimatha. N'chifukwa chake sichipitirira mphindi imodzi, ndipo n'chifukwa chakenso kuyeza magazi sikunapeze kanthu.

Vutoli linafotokozedwa koyamba mu 1921 ndi Robert Bárány, dokotala wobadwira ku Vienna amene anapatsidwa mphoto ya Nobel ya 1914 chifukwa cha kafukufuku wake pa mbali imeneyi ya khutu. Mu 1952 Margaret Dix ndi Charles Hallpike a ku London anafalitsa njira yolipimira imene ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero, ndipo siifuna makina alionse. Wodwala amakhala pabedi, dokotala amamupotolera mutu mbali imodzi n'kumugoneka chagada mofulumira, mutu utalendewera pang'ono m'mphepete mwa bedi. Ngati timiyala tili m'khutu la mbali imeneyo, pakapita masekondi ochepa chizungulire chimayamba ndipo maso amagwedezeka okha mwa mtundu wakewake, umene dokotala wozolowera amauzindikira nthawi yomweyo.

Chithandizo chake chimachitikira pabedi lomwelo. John Epley, dokotala wa makutu wa ku Oregon m'dziko la America, anafalitsa mu 1992 njira yotembenuza mutu pang'onopang'ono kuti timiyala tiyende m'kachubu monse mpaka tibwerere m'kathumba kumene tinachokera. Ngati vuto lili kumanja, monga zikuonekera kwa inu, wodwala amagonekedwa chagada mutu utapotokera kumanja, amadikira theka la mphindi kapena kupitirirapo, mutu umatembenuzidwira kumanzere, amadikiranso, kenako thupi lonse limagonera kumanzere mphuno italoza pansi, ndipo pomaliza amamukhazika tsonga. Ambiri amachira akachitidwa zimenezi kamodzi kapena kawiri. Ulendo woyamba muchitidwe ndi dokotala kapena katswiri wa mafizo, choyamba chifukwa m'pofunika kutsimikiza khutu ndi kachubu kamene kali ndi vuto, chachiwiri chifukwa amene ali ndi vuto la khosi kapena la msana amafunika kusamalidwa mwapadera.

Ndinene mosabisa kuti zimandimvetsa chisoni kuona anthu amene amwa mapiritsi a chizungulire kwa miyezi pa vuto limene likanatha m'mphindi khumi, pakuti palibe piritsi limene lingachotse timiyala m'kachubu. Kugona chokhala kumangopewa vutolo osalichiritsa, ndipo kukutopetsani khosi pachabe. Dziwaninso kuti kwa anthu ambiri limadzabweranso pakapita miyezi kapena zaka, koma chithandizo chake ndi chomwecho. Musanachire, musakwere makwerero kapena kuima pa mpando.

Adokotala, ndine bambo wa zaka 44 ndipo ntchito yanga ndi yoyendetsa galimoto. Chaka chathachi ndagwidwa kanayi ndi chizungulire choopsa chotenga maola atatu kapena anayi, pamodzi ndi kusanza. Chisanayambe, khutu lakumanzere limadzaza ngati mwalowa madzi ndipo limalira ngati injini. Ndaonanso kuti khutu limenelo silikumva bwino pa foni, ngakhale masiku ena limamva. Abwana sindinawauze. Ndichite chiyani? — Woyendetsa wodandaula

Bambo, zizindikiro zinayi zimene mwatchula, ndiko kuti chizungulire cha maola, kudzaza kwa khutu, kulira kwa m'khutu ndi kumva kosinthasintha, zikakumana m'khutu limodzi dokotala aliyense amaganizira za matenda a Ménière. Dzinali ndi la Prosper Ménière, dokotala wa ku Paris amene ankagwira ntchito pakati pa anthu osamva, ndipo mu 1861 anauza anzake kuti chizungulire choterechi chimachokera m'khutu, pa nthawi imene iwo ankakhulupirira kuti gwero lake ndi ubongo. Patapita zaka 77, mu 1938, ofufuza atapima makutu a odwala omwalira anapeza kuti madzi a mkati mwa khutu anali ochuluka mopitirira muyeso, moti tizikopa ta m'kachipinda kaja tinali titafufuma.

Malinga ndi muyeso umene madokotala amatsata masiku ano, munthu amatchedwa wodwala matendawa ngati wagwidwa kawiri kapena kuposerapo ndi chizungulire chotenga pakati pa mphindi 20 ndi maola 12, ndipo makina oyezera kumva asonyeza kuti khutulo lafooka, makamaka pa mawu a besi. Choncho choyamba kuchita ndi kukayezetsa kumva kwa makutu onse awiri. Kuyezaku n'kofunikanso pa chifukwa china. Khutu limodzi likamagontha ndi kulira lokha, dokotala amafuna kutsimikiza kuti palibe kachotupa pa mtsempha wa khutu, kamene si khansa koma kamaoneka pojambula mutu ndi makina a MRI. Palinso mtundu wa mutu waching'alang'ala umene umabwera ndi chizungulire cha mphindi 5 mpaka maola 72, nthawi zina popanda mutu kupweteka n'komwe, ndipo umasokonezedwa kawirikawiri ndi matenda a Ménière. Ngati pogwidwa mumadana ndi kuwala kapena phokoso, mukatchule zimenezo.

Pa za chithandizo ndiyenera kukuuzani zoona. Madokotala ambiri amayamba ndi kulangiza kuchepetsa mchere, mowa ndi fodya, ndipo ena amapereka mapiritsi okodzetsa kapena mankhwala otchedwa betahistine. Odwala ena amati zimawathandiza, koma umboni wake si wamphamvu. Kafukufuku wamkulu wa ku Germany amene anafalitsidwa mu 2016 sanapeze kusiyana pakati pa omwa betahistine ndi omwa mapiritsi opanda mankhwala. Kuchepetsa mchere sikungakupwetekeni, choncho yesani, koma musadziimbe mlandu mukagwidwanso ngati kuti mwalakwitsa kanthu. Zikakanika, katswiri wa makutu angabaye mankhwala ochepetsa kutupa a steroid kudzera pa mwinikhutu, ndipo zikakanikabe angabaye gentamicin, amene amafooketsa dala gawo lobweretsa chizungulire koma angathenso kuwonjezera kugontha. Kwa anthu ambiri chizungulire chimachepa pakapita zaka, ngakhale kuti kumva kwa khutulo sikubwerera mwakale, ndipo pamenepo kachipangizo kothandiza kumva kamathandiza.

Tsopano za ntchito yanu, imene ndikuona kuti ndiyo nkhani yaikulu m'kalata yanu ngakhale mwaiika kumapeto. Ndikumvetsa mantha anu, pakuti ntchitoyo ndi imene ikudyetsa banja. Komabe munthu amene angagwidwe ndi chizungulire chotere sayenera kukhala pa chiwongolero mpaka dokotala atatsimikiza kuti matendawa akhazikika. Inu muli ndi mwayi woti khutu limakuchenjezani, koma chenjezolo silibwera nthawi zonse, ndipo odwala ena amangogwa mwadzidzidzi ngati wina wawakankha, osakomoka n'komwe. Pemphani kalata ya dokotala, kenako mukakambirane ndi abwana anu za ntchito ina imene mungagwire pakali pano. Yambaninso kulemba m'kabuku tsiku limene mwagwidwa, maola amene zatenga ndi mmene khutu linalili, chifukwa kabuku kameneko kadzathandiza dokotala kuposa zimene mungakumbukire pamtima. Ndipo ngati tsiku lina khutu litagontheratu mwadzidzidzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala a vuto limenelo amagwira bwino ntchito m'masiku oyambirira.

Adokotala, bambo anga a zaka 67 amadwala kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo amasuta. Dzana anagwidwa ndi chizungulire, lilime linalemera, ndipo ankaona zinthu ziwiriziwiri. Patapita mphindi ngati 20 zonse zinatha. Iwo akuti kunali kutopa chabe ndipo akukana kupita kuchipatala. Kodi limeneli ndi vuto la m'khutu? — Mwana wawo wamkazi

Ayi, chemwali, khutu sililemeretsa lilime ndipo silichititsa munthu kuona zinthu ziwiriziwiri. Zimene mwafotokozazi zikuloza ku ubongo, ndipo ndikukupemphani kuti muwatengere bambo kuchipatala lero lomwe, ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Uthenga wochokera m'makutu umakathera ku tsinde la ubongo ndi ku kaubongo kakang'ono ka kunkhongo. Mtsempha wa magazi wopita kumeneko ukatsekeka, munthu amamva chizungulire chofanana ndendende ndi cha m'khutu. Ukatsekeka kwa kanthawi n'kutseguka, zizindikiro zimatha monga zinachitira kwa bambo anu, koma limenelo ndi chenjezo la sitiroko, ndipo ngozi yoti ibwere yeniyeni imakhala yaikulu kwambiri m'masiku oyambirira. Msinkhu wawo, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi fodya zonse zikuwonjezera ngoziyo. Kuchipatala akawayeza mtima ndi mitsempha n'kuwayambitsa mankhwala oletsa magazi kuundana ngati akuyenera. Musawapatse aspirin panokha asanapimidwe, chifukwa sitiroko ina imabwera ndi kuphulika kwa mtsempha, ndipo pamenepo mankhwalawo amawonjezera vuto.

Kwa owerenga onse, chizungulire chikabwera pamodzi ndi kulephera kulankhula bwino kapena kumeza, kuona ziwiriziwiri, dzanzi kapena kufooka kwa nkhope, mkono kapena mwendo, mutu wopweteka kwambiri mwachilendo, kugontha kwadzidzidzi, kapena kulephereratu kuima ngakhale mutagwiridwa, si nkhani yodikira kuti kuche. Mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa kawirikawiri m'maola anayi ndi theka oyambirira okha. Musadabwenso dokotala akamatha nthawi akuyang'ana maso a wodwala m'malo mothamangira kukamujambula. Makina ojambulira a CT amaphonya sitiroko zambiri za kunkhongo m'maola oyambirira, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 anasonyeza kuti, kwa munthu amene chizungulire chikadali nacho, kupima kayendedwe ka maso kochitidwa ndi katswiri kumatha kuzindikira sitiroko imene ngakhale MRI yoyambirira sinaione.

Adokotala, ndili ndi zaka 31. Miyezi inayi yapitayo, nditangochira chimfine, ndinadzuka ndi chizungulire chosaleka kwa masiku atatu, ndikusanza osatha kudzuka. Kuchipatala anati mtsempha wa m'khutu watupa ndipo anandipatsa mapiritsi a prochlorperazine, amene ndikumwabe. Kuzungulira kunatha, koma mpaka pano ndimamva ngati ndikuyenda pa bwato, makamaka pagulu kapena ndikayang'ana pa kompyuta. Ndimakhala m'nyumba osasunthasuntha mutu. Amuna anga ayamba kunena kuti ndi ulesi. — Mayi wotopa nazo

Mayi, si ulesi, ndipo ndingakonde kuti amuna anu awerenge yankho ili. Matenda a mkati mwa khutu alibe bala kapena bandeji, choncho wodwala amaoneka wabwinobwino pamene mkati akulimbana ndi ntchito imene ena onse amaichita osaiganizira, ndiyo kuima osagwa. Kutopa kumene mukumva n'kwenikweni.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene mukuchita pofuna kudziteteza zimene zikuchedwetsa kuchira kwanu. Mtsempha wa khutu limodzi ukatupa, nthawi zambiri chifukwa cha kachilombo, uthenga wochokera mbali imeneyo umafooka, ndipo ubongo, umene unazolowera kumva makutu awiri akugwirizana, umatanthauzira kusiyanako kuti mutu ukuzungulira. Mtsemphawo nthawi zina suchira kwathunthu, koma ubongo umaphunzira kuwerenga uthenga watsopanowo n'kuudzaza ndi wochokera m'maso ndi m'mapazi. Kuphunzira kumeneku kumachitika pokhapokha mutu ukamayenda ndipo ubongo ukamakumana ndi zolakwika zoti ukonze. Mukakhala phee, ubongo ulibe pophunzirira. Mapiritsi a mtundu umene mukumwawo, pamodzi ndi ena monga cinnarizine, promethazine ndi diazepam, amagoneka mbali yomweyo ya ubongo imene ikuyenera kuphunzira. Ndi othandiza kwambiri masiku awiri kapena atatu oyambirira pamene munthu akusanza, koma kupitirira pamenepo amachedwetsa kuchira, ndipo prochlorperazine akamwedwa nthawi yaitali angabweretse kunjenjemera ndi kuuma kwa minofu. Kambiranani ndi dokotala za kuwasiya.

Chithandizo chenicheni ndi mafizo a chizungulire, amene anayambitsidwa m'zaka za m'ma 1940 ndi madokotala awiri a ku Britain, Terence Cawthorne ndi Frank Cooksey, ndipo akhala akukonzedwa kuyambira pamenepo. Chitsanzo chimodzi ndi ichi. Lembani chilembo chachikulu pa pepala, lipachikeni pakhoma molingana ndi maso, khalani pa mpando, ndipo muzipukusa mutu uku ndi uku maso osachoka pa chilembocho, kwa theka la mphindi poyamba, kangapo pa tsiku. Mukazolowera muzichita mutaimirira, kenako mukuyenda m'mbali mwa khoma. Chizungulire chidzawonjezeka pang'ono pochita, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti ubongo wapatsidwa ntchito. Chizikhala chopiririka ndipo chizitha pakapita mphindi zingapo. Chikapitirira, chepetsani liwiro koma musasiye. Yendaninso panja tsiku lililonse, ndipo pagulu muzipita pang'onopang'ono, poyamba kwa mphindi zochepa muli ndi wokuperekezani. Kusintha kumaoneka pakapita milungu osati masiku, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene mukufotokoza, chomva ngati muli pa bwato kwa miyezi yoposa itatu, chimene chimakula mukaimirira, mukayenda kapena mukaona zinthu zambiri zoyendayenda, chili ndi dzina lake. Mu 2017 akatswiri anagwirizana kuchitcha PPPD. Ubongo umene unadzidzimutsidwa umakhalabe tcheru ngakhale ngozi itapita, umadalira maso mopitirira muyeso, ndipo thupi limauma poyenda. Nkhawa imadyetsa vutoli, ndipo vutolo limadyetsa nkhawa, zimene sizikutanthauza kuti mukungoganizira. Mafizo, uphungu wothandiza kuthana ndi mantha, ndipo nthawi zina mankhwala a nkhawa monga sertraline, zimathandiza anthu ambiri kubwerera ku ntchito zawo.

Adokotala, ndikadzuka msanga pa mpando m'maso mumachita chidima ndipo ndimatsala pang'ono kugwa. Kodi khutu langa lili ndi vuto? Mnzanga akuti nditsukitse makutu. — Wowerenga wa zaka 25

Chidima cha m'maso poimirira kawirikawiri sichichokera m'khutu. Chimabwera magazi akachedwa kufika ku ubongo, mwina chifukwa cha kuchepa kwa madzi m'thupi, kuchepa kwa magazi, kukhala ndi pakati, njala kapena mankhwala ena otsitsa kuthamanga kwa magazi. Kayezetseni kuchuluka kwa magazi, ndipo pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi mutagona kenako mutaimirira. Muzimwa madzi okwanira ndipo muzidzuka pang'onopang'ono. Ngati munakomokapo kapena mtima umagunda mosalongosoka, muyezetsenso mtima. Za kutsuka makutu zisiyeni, ndipo musamalowetsemo timitengo ta thonje, chifukwa timakankhira phula mkati ndipo tingaboole mwinikhutu.

Adokotala, chaka chatha ndinagonekedwa m'chipatala ndi matenda aakulu a m'magazi ndipo ndinabayidwa jakisoni wa gentamicin kwa masiku ambiri. Ndinachira, koma kuyambira pamenepo ndikamayenda zinthu zonse zimadumphadumpha m'maso, sinditha kuwerenga chikwangwani kapena kuzindikira munthu mpaka nditaima. Usiku ndimadzandira ngati woledzera. Chodabwitsa n'chakuti nyumba siizungulira ndipo ndimamva bwinobwino. — Bambo wa zaka 52

Bambo, mwafotokoza bwino kwambiri moti dokotala wa makutu angaganizire za vuto lanu asanakupimeni. Gentamicin ali m'gulu limodzi ndi streptomycin, kanamycin ndi amikacin. Ndi mankhwala amphamvu amene apulumutsa miyoyo yambiri, mwina ndi wanu womwe, koma angathe kuwononga tiubweya ta mkati mwa khutu, makamaka akaperekedwa nthawi yaitali, kwa okalamba, kapena kwa amene impso zawo sizikugwira bwino ntchito. Gentamicin ndi streptomycin amakonda kuwononga gawo lothandiza kuima, pamene kanamycin ndi amikacin amakonda kuwononga gawo lomvera, ndipo bungwe la za umoyo padziko lonse la World Health Organization linachotsa kanamycin mu 2018 pa mankhwala olimbikitsidwa a chifuwa chachikulu chosamva mankhwala.

Nyumba siizungulira chifukwa makutu onse awiri afooka mofanana, ndipo palibe kusiyana kumene ubongo ungakutanthauzire ngati kuzungulira. Chimene mwataya ndi ntchito ina yobisika. Munthu akamayenda mutu umagwedezeka pa sitepe iliyonse, ndipo makutu ndi amene amalamula maso kusunthira mbali ina mofulumira kwambiri kuti chimene akuyang'ana chikhale chokhazikika. Popanda lamulo limenelo, dziko limagwedezeka pamodzi ndi mutu. Usiku zimavuta kwambiri chifukwa maso, amene tsopano mukuwadalira, nawonso sakuona. Mu 1952 dokotala wina wa ku America amene anakumana ndi zomwezi atabayidwa streptomycin analemba kuti anazolowera kupereka moni kwa aliyense wokumana naye panjira, popeza sankatha kudziwa ngati ndi mnzake kapena mlendo.

Tiubweya tikawonongeka sitimeranso, choncho sindingakulonjezeni kuti zidzabwerera mwakale, koma mafizo ngati amene ndafotokozera mayi uja amathandiza ubongo kudalira maso, khosi ndi mapazi, ndipo ambiri amayenda bwino masana pakapita miyezi. Pemphani kutumizidwa kwa katswiri wa makutu kuti atsimikize, ndipo akuyezeninso kumva ngakhale mukuona kuti mukumva bwino. Usiku muzisiya nyale yoyaka panjira yopita kuchimbudzi ndipo muziyenda ndi tochi. Valani nsapato zosapendama za pansi popyapyala kuti mapazi azimva nthaka, ndipo musachite manyazi kugwira ndodo pamalo okumbikakumbika. Musayendetse njinga kapena galimoto mpaka dokotala atakupimani. Musasambire m'madzi akuya muli nokha, chifukwa munthu wa vuto lanu akamira sadziwa kumene kuli kumwamba. Nthawi iliyonse mukapita kuchipatala, uzani dokotala kapena namwino kuti gentamicin anakuwonongani makutu, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, kuti ngati pali mankhwala ena oti angagwire ntchito yomweyo akupatseni amenewo.